Mvula Yochokera Pansi

Mahelikopita atasiya kuuluka, mathithi analowa m'nyumba.

Nokuthaba anabadwira m'Chinotimba momwemo, m'tauni ya pafupi ndi mathithi a Zambezi, ndipo anakulira momwemo, koma anali asanawamvepo chonchi. Kale mkokomo wake unkabisala kuseri kwa mabasi a alendo, mawailesi a m'mabala ndi mahelikopita amene ankangozungulira kumwamba ngati ntchentche zaona nyama. Boma litalamula kuti aliyense abindikire chifukwa cha mliri wa korona, tauni yonse inangoti zii, madzi n'kuyamba kuyankhula okha. Galasi la pawindo linkanjenjemera. Supuni ukaisiya m'kapu inkalira yokha, pang'onopang'ono, ngati mano a munthu wozizidwa. Akuluakulu ankati papita zaka Zambezi asanadzale chotere. M'mawa uliwonse utsi wa mathithi unkaima kuseri kwa madenga, woyera mbee, utatalika mpaka kukagunda mitambo.

Iye ankauyang'ana ali pakhomo, mwana ali pachifuwa, chikhatho chili pamsana pa mwanayo kuti azimva ngati akupuma. Ndi mmene analili Nokuthaba. Ankasamba m'manja mpaka khungu linachita ming'alu. Munthu akatsokomola nyumba yachitatu, iye ankatseka mawindo.

Mwanayo anali wamkazi, wonenepa bwino, wa tsitsi lambiri. Koma analibe dzina.

Bambo wake, Munsaka, anali wa tsidya la ku Zambia, ndipo ntchito yake inali yopalasa alendo m'mabwato a mphira m'chigwembe cha kunsi kwa mathithi. Banja lawo linali ku Livingstone. Mimba yoyamba munthu amakachirira kwa amake, choncho mwezi utayandikira Nokuthaba anawoloka mlatho wapansi, Munsaka atamusenzera chikwama. Anagwirizana kuti mchombo wa mwana ukadzagwa, bambo adzabwera. Mchombo unagwadi, koma unapeza chipata cha pamlatho chitatsekedwa. Ankawoloka ndi malole a katundu okha.

Tsono m'banja la kwa a Munsaka mwana satchulidwa dzina m'nyumba. Bambo amamunyamula kupita naye pamene utsi wa mathithi umagwa ngati mvula, amamuvula chipewa kuti madziwo anyowetse paliwombo, n'kugwira mutu wonyowawo ndi dzanja lake, kenako n'kumunong'oneza dzina m'khutu. Mayi amalimva pambuyo. Agogo ake anachita choncho, bambo ake anachita choncho, ndipo Munsaka sankafuna n'komwe kumva zoti dzina angathe kungolitchula pafoni.

"Make ndani, mwadzuka bwanji?" ankafuula motero amayi oyandikana nawo, ali kuseri kwa mpanda, masiki ali pachibwano. "Kapena tizingoti make uje?"

Amayi ake a Nokuthaba, a MaTshuma, ndiwo ankakometsa. Iwowa moyo wawo wonse ankabwereketsa majasi a mvula kwa alendo pachipata cholowera kumathithi, ndipo tsopano majasiwo anali atangounjikana pakona, akununkha chinyontho. Pokhala analibe wocheza naye, pakamwa pawo ponse panathera pa mdzukulu.

"Ine ndatopa kuitana munthu kuti iwe, iwe, ngati nkhuku," anatero tsiku lina akusankha nyemba. "Ndimutcha M'bindikiro. Apo ayi Sanitaiza. Tamvera kukoma kwake, Sanitaiza wanga, bwera kwa gogo."

"Amayi, musatero, angazolowere."

"Azolowere kumene. Lamulungu ndimutengera kwa abusa pakhomo pawo, amuwaze madzi a pampopi, basi zithe. Madzi ndi madzi. Ine zaka zonsezi ndakhala ndikuphimba anthu kuti asanyowe ndi utsi umenewo, lero mdzukulu wanga akanyowetsedwe dala? Anthu a tsidya inu!"

Nokuthaba anaseka, ndipo kulakwa kwake kunali komweko, chifukwa madzulo ake nthabwalayo anakaifotokoza kwa mwini wake. Foni yake inali ndi khadi ya ku Zambia, imene inkagwira bwino akaima pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa bafa. Anaima pamenepo, dzuwa likupendeka, n'kunena za Sanitaiza ndi za madzi a pampopi, akuyembekezera kuti amuna ake aseka.

Munsaka sanaseke.

"Lamulungu liti?"

"Iii, inu, amangocheza. Simukuwadziwa amayi?"

"Kuno amayi anga sakudya, Noku. Akuti mwana akulira usikuyu chifukwa madzi sakumudziwa. Anzanga akandiona akuti uyo bambo wa pafoni. Tsopano apongozi akufuna kumutengera kwa abusa." Anapumira m'mwamba. "Mawa ndibwera."

"Mubwera bwanji? Atsegula?"

"Ndabwereka kabwato kaja ka munthu mmodzi. Kunsi kwa mlatho, ukapitirira pokhota paja, pali pamene madzi amabwerera m'mbuyo. Ndikalowera pamenepo, ndikatulukira tsidya lanu, n'kukwera ndi njira imene timatulutsira alendo. Asilikali safikako."

Nokuthaba anakhala pa muzu wa mango. Za mtsinjewo ankazidziwa kuchokera pakamwa pa Munsaka yemweyo. Madzi akadzala, ngakhale eni mabwato amatseka ntchito, amakoleka zopalasira m'nyumba, kudikira kuti aphwe. Ndi iye yemwe anamuuzapo za thunthu la mtengo limene analiona likumezedwa pamalo amenewo osatulukanso.

"Si inu munkati mwezi uno kumeneko kulibe munthu wotsikako? Ndi chaka chino, madzi ake awa?"

"Ndinkanena za alendo. Ine ndine mwana wa mtsinje."

"Mwana wa mtsinje amamiranso, inu! Mukufuna mwanayu akhale ndi dzina koma wopanda bambo?"

"Usalire. Ndaganiza kale, ndatha. Kukacha ndinyamuka, dzuwa likamafika pamutu udzandiona pakhomo. Undiphikire tiyi."

Foni inaduka. Anaimbanso, koma sanayankhe.

Nokuthaba tulo sanatione. Kunja kutayamba kuyera anasambitsa mwana, anamuveka kachipewa kachikasu kamene analuka yekha ali woyembekezera, n'kumubereka kutsogolo kuti azimuona kumaso. Foni anaikulunga m'pepala la pulasitiki la buledi. Kenako anapita pansi pa mango paja. Ulendo uno Munsaka anayankha, akupuma mwa munthu woyenda atasenza.

"Musatsike," anatero Nokuthaba. "Pitani kuchipata cha uko, mukaime pamene pakugwa mvula. Ine ndikumutengera kuchipata cha kuno. Utsi ndi umodzi womwewo."

"Sizichitika choncho, Noku. Pamafunika dzanja la bambo."

"Ine ndanyamuka."

Anadula yekha, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatiwire. Atatembenuka anapeza amayi ake ataima pakona ya bafa, mswachi uli m'kamwa. Anali atamva zonse.

"Wapenga?" anatero a MaTshuma. "Iwe amene umaphimba mwana mabulangete atatu kukutentha? Iwe amene unandikaniza kumupsompsona? Kunjaku kuli apolisi, kuli matenda, kuli chisanu."

"Amayi, akufuna kuwoloka pa bwato. Nthabwala zanu zija."

A MaTshuma analavula, n'kuyang'ana utsi uja kwa kanthawi. Kenako analowa m'nyumba. Nokuthaba anaganiza kuti akwiya, koma asanafike n'komwe pamsewu anamva mapazi kumbuyo. Anali iwo, atavala masiki ya chitenje, m'khwapa muli majasi awiri a mvula.

"Ukadutsa mumsewu waukulu akubweza usanafike pa sitolo," anatero akupitirira ngati sakuyankhula naye. "Tiye njira ya kunjanji. Ndipo usandithokoze, ine ndikungofuna kukaona ngati anyani sanandigwetsere benchi langa."

Anadutsa m'mphepete mwa tauni. Nokuthaba anali asanatuluke chibadwire cha mwana, ndipo zimene anaona zinamudabwitsa. Pamalo oimika mabasi panali patamera udzu. Njiri zinali zitagwada pakhomo pa banki zikudya kapinga, ana ake ali ndondondo, michira ili njo. Pamsika wa ziboliboli mikango ndi akadyansonga amitengo anali atangofola pansi pa matumba, akuyang'ana msewu wopanda munthu. Nyani wamkulu anakhala pakati pa mphambano akudzikanda pamimba, ndipo sanasunthe n'komwe iwo akudutsa.

"Taona bwanamkubwa watsopano," ananong'ona a MaTshuma. "Mwadzuka bwanji, bwana?"

Atalowa kanjira ka m'tchire kotsata njanji, a MaTshuma anaima mwadzidzidzi n'kutambasula dzanja kumbuyo. Nokuthaba anayamba wamva fungo, lolemera ngati la khola. Kenako chimene ankachiyesa mthunzi wa mtengo chinasuntha. Njovu zinali zikuwoloka njanji, imodzi pambuyo pa inzake, mosapupuluma, mapazi akuluakuluwo akutera pamiyala osamveka ngakhale pang'ono. Zinali zonyowa misana, zakuda bii, zikuchokera kumadzi. Pakati pa miyendo ya yaikulu panali kamwana, kakupunthwa pa zitsulo za njanji, ndipo make ankakakankha pang'ono ndi chitamba. Itafika pakati, yaikuluyo inatembenuza mutu n'kuwayang'ana. Nokuthaba anaona diso lake, laling'ono, la nsidze zazitali. Anafumbata mutu wa mwana wake ndi manja onse awiri. Mtima unkagunda mpaka m'makutu, koma china chake mkati mwake chinali chitakhala pansi, phee, ngati mmene munthu amakhalira m'tchalitchi nyimbo ikatha. Njovuyo inakupiza khutu kamodzi, n'kupitiriza ulendo wake.

"Nayonso ndi ntchembere," anatero a MaTshuma zitapita. "Yaona kuti tonse tili pa ntchito imodzi. Tiye."

Mkokomo unkakulirakulira. Unasiya kukhala chinthu chomva ndi makutu, unayamba kukwera kuchokera m'nthaka, kudzera m'mapazi, mpaka m'mano. Anatulukira pamsewu wopita kumlatho, pamene malole anali atandanda kudikira kuwoloka, madalaivala ali m'kati chifukwa sankaloledwa kutsika. Chipata cholowera kumathithi chinali chokhoma ndi tcheni. Benchi la a MaTshuma linalipo, litamera ndere.

Ndipo apo mvula inali ikugwa, kumwamba kulibe mtambo ndi umodzi womwe.

Nokuthaba anakweza maso. Kuseri kwa mitengo ya m'mpanda utsi uja unkatumphuka kuchokera pansi, kuchokera m'mimba mwa dziko, ukukwera mwaukali ngati ukuthawa kanthu, kenako pamwamba penipeni n'kufatsa, n'kutambasuka, n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono, dzuwa likuwala m'dontho lililonse. Mautawaleza anali awiri, wina pamwamba pa unzake, ndipo wam'munsiwo unathera pa phula, pafupi moti akanatha kuuponda. Anakumbukira kuti kumathithi analowako kamodzi kokha, ali pasukulu, m'chilimwe madzi ataphwa, aphunzitsi akuwathamangitsa kuti basi ingawasiye. Zaka zonsezi chinthu ichi chinali kuseri kwa nyumba yawo, chikuchita zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo tsopano chinkazichita popanda mlendo ndi mmodzi yemwe wochijambula.

A MaTshuma anamuveka jasi n'kumukokera pafupi ndi mpanda. "Ima apa!" anakuwa m'khutu mwake. "Mphepo ikatembenuka imakhuthulira apa. Ndi pamene ndinkagwirira makasitomala okanira!"

Mphepo inatembenukadi. Madzi anabwera ngati nsalu yoyanikidwa ikukupizidwa. Nokuthaba anatsegula jasi n'kuvula mwana kachipewa kaja. Mutu wonse unali kumuuza za chifuwa, za chibayo, za chipatala chimene aliyense ankachiopa masiku amenewo. Komabe anatambasula manja.

Madontho anatera paliwombo, pamene khungu limagunda ngati kamtima kachiwiri. Tsitsi linagona. Mwanayo anadzidzimuka, anatambasula timanja, ndipo Nokuthaba anadikira kulira. Sikunabwere. Anangotsegula maso kwambiri, kuposa mmene anawatsegulirapo, akuyang'ana m'mwamba moyera mmenemo, kenako anatulutsa kalilime n'kulawa.

"Ee, taonani mfiti iyi!" anafuula a MaTshuma, akuseka, madzi akutsika kumaso kwawo, ena osachokera kumathithi. "Ndi wa tsidya ndithu ameneyu!"

Nokuthaba anamubwezera msanga m'jasi, anamupukuta mutu ndi kachipewa kaja mpaka kananyowa, n'kutulutsa foni. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso. Inaitana, inaitana. Anayang'ana kumene kunali chigwembe, kumene sikunkaoneka kanthu koma utsi. Kachitatu, munthu anayankha, ndipo kumbuyo kwa mawu ake kunali mkokomo womwewo umene unali kumbuyo kwa iye.

"Muli pati?"

"Ndili panjira yotsikira. Ndafika pakati." Munsaka ankachita kukuwa. "Noku, madziwa... sindinawaonepo chonchi. Mwala uja timamangirirapo mabwato kulibe. Wamira wonse."

"Bwererani! Mwana wanyowa kale. Ali pano, walawa ndi kulawa. Tchulani dzina!"



"Dzanja langa silinamugwire," anatero Munsaka. "Ndikatchula chonchi ndiye kuti ndanama. Ndiyesa basi. Ndikaona kuti zakanika ndibwerera."

"Kumeneko kulibe kubwerera, inu!"

Pamenepo hutala ya lole inalira pambali pawo, mpaka mwana anadzidzimuka. Pawindo la lole yonyamula feteleza panatuluka mutu wa dazi.

"MaTshuma! Ndinu? Ndimayesa munafa ndi njala! Bizinesi yavuta mpaka mwayamba kubwereketsa majasi kwa makanda?"

"Mkandla, chimutu chako!" anayankha a MaTshuma. Dalaivalayu ankamudziwa kalekale, ankamusungira malo pabenchi akamadikira mapepala a katundu. "Ukuwoloka liti?"

"Ndine wachiwiri pamzere. Bwanji, mukufuna ndikubiseni m'feteleza?"

Nokuthaba anayang'ana lole. Anayang'ana kachipewa kamene kanali m'dzanja lake, kolemera ndi madzi, titsitsi tiwiri titakanirira mu ulusi. Anabwezera foni kukhutu.

"Bambo a mwana, tamverani. Mutu wake ukubwera uko. Kwerani, siyani bwatolo, thamangirani kuchipata. Muyang'ane lole yofiira ya feteleza."

"Mutu wake? Ukuti chiyani iwe?"

"Kachipewa kamene ndamupukutira. Madzi ake ndi omwewo, a paliwombo pake. Mukakagwira kasanaume, dzanja lanu lamugwira. Mukatsika kumadziko, kakafika kopanda wokalandira, ndipo ine ndikauza mwanayu kuti bambo ake anasankha bwato."

Sanadikire yankho. Anakutula pepala la buledi lija, anaponyamo kachipewa n'kumanga pakamwa. Kenako, pokhala Nokuthaba, anatulutsa kabotolo ka sanitaiza n'kupaka kunja konse kwa pepalalo asanapereke.

A Mkandla analandira ndi zala ziwiri, akuliyang'anitsitsa. "Zaka zonsezi ndawolotsa mkuwa, ndawolotsa malasha, ndawolotsa ngakhale bokosi la maliro. Chipewa chonyowa ndiye ndayamba lero. Akandifunsa a kasitomu ndinene kuti chiyani?"

"Uziti ndi chako," anatero a MaTshuma. "Dazi limenelo likufunika chofunda."

"Nanga mwini wake ndikamudziwa bwanji?"

"Wamtali, wakuda, mapewa ngati chitseko," anatero Nokuthaba. "Akhala akupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu. Chonde, bambo, musachiike padzuwa. Chisaume."

Dalaivala uja anasiya kuseka. Anayang'ana mwana amene ankasuzumira m'jasi, n'kuika pepalalo m'thumba la malaya, pamtima. "Wanga wamng'ono ndinamusiya akukwawa," anatero. "Akuti pano akuyenda. Chifika chonyowa, mayi."

Lole inalowa pachipata, n'kukaima, n'kuyendanso, mpaka inazimirira mu utsi.

Anakhala pabenchi paja pansi pa kadenga, majasi ali pamutu. Nokuthaba anayamwitsa mwana, foni ili pabondo, osaichotsa diso. Sanayerekeze kuimba. Ankaopa kuti ikaitana osayankhidwa adziwa. A MaTshuma ankachotsa ndere pabenchi ndi chikhadabo. Patapita nthawi anayankhula osamuyang'ana.

"Za abusa zija ndinkangonena."

"Ndikudziwa, amayi."

"Bambo ako anamwalira iwe usanayambe kuyenda. Sindikufuna uone zimene ndinaona ine."

Utawaleza uja unasuntha pang'onopang'ono kuchoka paphula, n'kukwera pampanda. Malole ena awiri analowa. Mwana anagona, kukamwa kuli mkaka. Madzi ankangogwabe, osatopa, osachepa, ndipo Nokuthaba anadzipeza akuganiza kuti madontho amene akumugwera pamapaziwa mwina anzake akugwera pa phewa la munthu wina tsidya linalo, ngati munthuyo ali pamtunda.

Foni inalira.

Poyamba sanamve mawu, koma kupuma kokhakokha, kwa munthu amene wakwera phiri akuthamanga. Kenako kunamveka a Mkandla chapatali akukuwa kuti, "Mwalandira katundu wanu, bwana, sainani ndi misozi!" ndi hutala ikulira ikupita.

"Noku." Mawu a Munsaka anali ngati a mwana. "N'chonyowa. Chikununkhira mkaka. Muli tsitsi lake muno."

"Muli pati?"

"Pamsewu, kunja kwa chipata. Mvula ikundigwera. Kamutu kake n'kochepa chonchi? Kakukwana m'dzanja limodzi."

"N'kochepa chomwecho."

"Muike foni kukhutu."

Nokuthaba anaimirira n'kubwerera pampanda paja, pamene madzi ankakhuthukira. Anatsegula jasi pang'ono, n'kugunditsa foni pa kakhutu ka mwana. Iye anatembenuzira nkhope kumbali, ngakhale kuti mumkokomo umenewo sakanamva kanthu ngakhale akanafuna. Anangoona mwanayo akutsegula maso, akukwinya pachipumi ngati munthu amene akuuzidwa nkhani yofunika, kenako n'kuyetsemula.

"Wati ndani?" a MaTshuma anali atafika kale pambali pake, akumukoka jasi. "Iwe, wati ndani? Ine ndayenda mtunda wonsewu, ndakumana ndi njovu."

Nokuthaba anabwezera foni kukhutu kwake.

"Mwaswera bwanji, make Miyoba?" anatero Munsaka.

Linali dzina la azakhali ake a Munsaka, amene anabadwa nthawi ya mvumbi. Nokuthaba analitchula pang'onopang'ono, kuliyesa pa lilime, kenako analinena mokweza kuti amayi ake amve.

"Miyoba," anatero a MaTshuma, akupendeketsa mutu. "Hmm. Sanitaiza linali bwino, koma ndilolera." Analanda foni n'kukuwiramo. "Apongozi! Bwato lija lili kuti?"

"Ndalisiya panjira, amayi. Ndikalitenga ndikabweze kwa eni ake."

"Mukabweze lero lomwe, mwamva? Mukadzayerekezanso, ine ndidzawoloka ndekha kudzakukokani makutu, korona kapena ayi."

Foni itabwerera kwa mwini wake, Nokuthaba anafunsa, "Nanga kachipewako mukatumiza ndi lole ina? Kunja kwayamba kuzizira."

"Umulukire kena. Aka ndidzabwera nako ndekha, pamlatho, wapansi, tsiku limene adzatsegule. Kaya ndi liti."

"Kaya ndi liti," anavomera Nokuthaba.

Anamupukuta Miyoba ndi mpango wa kumutu kwake, anamufunditsa bwinobwino, n'kumuika khutu pachifuwa kuti amve mmene akupumira. Ankapuma bwino. Pobwerera anayenda njira ya kunjanji yomwe ija, akulambalala ndowe za njovu zimene zinali zikufukabe nthunzi, a MaTshuma ali patsogolo akuyeseza mmene akawayankhire amayi a kuseri kwa mpanda. Nokuthaba ankangocheuka. Utsi uja unali chiimire kumbuyo kwawo, phazi limodzi kuno, lina tsidya.

Atafika kunyumba anasamba m'manja, anasambitsa mwana ndi madzi ofunda, n'kutulutsa ulusi wotsala. Galasi la pawindo linali likunjenjemerabe. Analiyang'ana kwa kanthawi, kenako anadzuka n'kutsegula windolo.